Kuwedza bass ndi nyambo yopanda mtovu: ndodo, reel ndi chingwe zoyenera

Nyongolotsi ya pulasitiki yotalika mainchesi 5, ya mtundu uja amathira mchere wambiri m'kati, ikagwera m'madzi popanda mtovu sithamangira pansi. Imatsika chogona, mosafulumira, mutu ndi mchira zikunjenjemera, mwina phazi limodzi pa sekondi. Wowedza sachita kanthu pa nthawiyi. Sakoka, sagwedeza ndodo, amangoyang'anitsitsa pamene chingwe chalowera m'madzi. Komatu bass zambiri zimene zimagwidwa mwa njira imeneyi zimadya nyambo m'masekondi ochepa omwewa, isanafike n'komwe pansi. Ndiye funso lakuti ndigule ndodo yanji, reel yanji kapena chingwe chanji lili ndi poyambira pamodzi. Chilichonse chimene chingasokoneze katsikidwe ka nyamboyo, kapena kukulepheretsani kuzindikira kuti nsomba yadya, n'chosayenera pa ntchitoyi, kaya chikhale chodula motani.

Anthu ambiri amayambira kumchira. Amalowa m'sitolo n'kukopeka ndi reel yonyezimira, kenako amafunafuna ndodo yoti igwirizane nayo, nyambo n'kudzatola pomaliza ndi ndalama zotsala. Ine ndimati dongosololi litembenuzidwe. Muyambe ndi nyambo ndi kulemera kwake, ibwere mbedza, chibwere chingwe, ibwere ndodo, reel idzakhale yotsekera.

Nsombayo payokha ndi mlendo kuno. Bass ya kukamwa kwakukulu kwawo ndi kum'mawa kwa North America. Inafika ku South Africa mu 1928 n'kufalikira m'madamu a mayiko oyandikana nawo. Lero a ku Harare amaiwedza ku Chivero ndi ku Darwendale, a ku Masvingo ku Mutirikwi. Ku Mozambique kuli damu la Chicamba m'chigawo cha Manica, ndipo ku South Africa kuli Albert Falls, Inanda, Loskop ndi madamu osawerengeka a m'mafamu momwe abale athu ambiri amagwira ntchito. Ku Malawi imapezeka m'madamu ena a m'maesiteti a kummwera, osati m'nyanja yaikulu, ndipo ndi bwino kuti zikhalebe choncho. Ndi nsomba yolusa, moti iyo ndi abale ake atalowa m'mitsinje ya ku Western Cape anachepetsa kwambiri nsomba zachikhalire za kumeneko. Malamulo a zausodzi ku Malawi salola munthu kulowetsa nsomba zachilendo m'madzi popanda chilolezo.

Amene anawedzapo tsungwa savutika kuimvetsa bass. Nayonso imabisala m'udzu wa m'madzi, m'mbali mwa bango, pansi pa mitengo yogwa ndi m'zitsa zomira, kudikira kanthu kofooka kadutse. Kadyedwe kake ndi kamene kamafotokoza zambiri za zipangizo. Siluma pang'onopang'ono. Imatsegula kukamwa mwadzidzidzi n'kuyamwa nyambo pamodzi ndi madzi, ndipo ngati chingwe chili chokhwepa, monga mmene chimakhalira nyambo ikamatsika, kawirikawiri dzanja silimva kalikonse. Zimene mumaona ndi chingwe kudumpha pang'ono, kapena kuyamba kuyenda cham'mbali, kapena kuima msanga pamalo pamene mukudziwa kuti pansi ndi patali. Kanthu kolimba imakalavula msanga. Kanthu kofewa ndi kamchere imakasunga m'kamwa kwa kanthawi, ndipo kanthawi kameneko ndi kamene kamakupatsani mpata wokulunga chingwe ndi kukoka.

Nyambo zofewazi zinayambira ku Akron, Ohio, komwe Nick Creme anayamba kuumba nyongolotsi za pulasitiki mu 1949. Kampani yake inadzasamukira ku Tyler, Texas, ndipo kwa zaka zambiri owedza a kumeneko ankaziponya ndi kamtovu kosongoka kutsogolo kuti zimire msanga m'mitengo ya m'madamu. Kuwedza popanda mtovu kunatchuka pambuyo pake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Herb Reed wa ku Connecticut anatulutsa Slug-Go, nyambo yosaoneka ngati chamoyo chilichonse, imene ikagwedezedwa imapita kumene yafuna. Kampani ya Zoom ya ku Georgia inabwera ndi Super Fluke, yooneka ngati kansomba kowonda ka mchira wamphanda. Ndiye m'zaka za m'ma 1990 Gary Yamamoto anapanga Senko, kandodo konenepa kodzaza mchere, kamene kanasintha maganizo a anthu ambiri pa nkhani ya mtovu, chifukwa mcherewo unalowa m'malo mwa mtovu.

Magulu atatu amenewa ndiwo muyenera kuwadziwa: nyongolotsi yonenepa ya mtundu wa Senko, kansomba ka mtundu wa fluke, ndi nyongolotsi yowonda yaitali ngati Trick Worm. Zilipo zina, achule a pulasitiki okokedwa pamwamba pa udzu, abuluzi, nkhanu, koma atatuwa ndiwo maziko. Kusiyana kwawo kwakukulu si maonekedwe ayi, ndi kulemera. Senko ya mainchesi 5 imalemera magalamu pafupifupi 10. Fluke ya msinkhu womwewo imakhala chapakati pa magalamu 7 ndi 8. Nyongolotsi yowonda, ngakhale ndi yaitali kuposa zinzakezo, imapepuka kuposa zonse ndiponso imagwidwa ndi mphepo ikamauluka. Magalamu atatu kapena anayi amaoneka ochepa, koma popeza palibe mtovu, ndiwo amene amanena ngati ndodo ipindike mokwanira poponya komanso ngati reel ilole chingwe kutuluka bwino. Amene ali ndi sikelo yaing'ono ya kukhitchini ayeze nyambo yake ili ndi mbedza kale. Nambala imene aipeze ndi imene apite nayo kusitolo.

Mchere uli ndi mtengo wake. Nyambo yamchere wambiri imaponyeka patali ndipo imatsika monjenjemera bwino, koma imang'ambika msanga, moti nsomba imodzi kapena ziwiri zimaimaliza. Zotengera zake zotchipa zimakhalitsa chifukwa mchere ndi wochepa ndipo pulasitiki ndi yolimbirako, koma zina zimatsika ngati kamtengo kouma, osagwedezeka n'komwe. Kuti mudziwe, ikani mbedza n'kuigwetsa m'madzi oyera pafupi ndi mapazi anu. Ngati ikutsika chogona nsonga zake zikugwedezeka, dzina la pa paketi lilibe kanthu. Ngati ikutsika chamutu kapena ikuzungulira, mwina mbedza yalemera kutsogolo, mwina mwaikola mokhota. Palinso pulasitiki ya mtundu wina, monga ElaZtech ya kampani ya Z-Man, imene imatamuka kwambiri ndipo siduka wamba, koma imayandama. Ndi yabwino pamwamba pa udzu, osati pa ntchito yotsika. Musaisunge m'bokosi limodzi ndi nyambo za pulasitiki wamba, chifukwa zikakhudzana zimasungunulana. Ndipo nyambo zonsezi zimadana ndi dzuwa la mu Okutobala. Fluke imene yakhotera m'galimoto yotentha imazungulira m'madzi n'kupota chingwe.

Za mitundu ya utoto sindikhalitsapo, ngakhale ndi nkhani imene owedza amathera nayo usiku wonse. M'madzi oyera gwiritsani yobiriwira modera, imene pa paketi amalemba green pumpkin kapena watermelon. M'madzi a matope, mvula ikagwa, yakuda kapena junebug imaoneka bwino chifukwa nsomba imaona chithunzithunzi chake. Fluke ikhale yoyera. Mapaketi atatu amenewa akukwanira. Ena onse amagwira wogula kuposa nsomba.

Mbedza ndi chitsulo chokhacho chimene chili pa nyambo, choncho ndi mtovu wanu, mufune musafune. Pali njira ziwiri zoikolera. Ya Texas ndi yolowetsa mbedza kumutu, kuitulutsa, kuitembenuza, n'kubisa nsonga yake pang'ono pansi pa khungu la pulasitiki kuti isakole udzu. Apa pamafunika mbedza ya mimba yotakasuka, yolembedwa EWG, ya 3/0 kapena 4/0 pa Senko ya mainchesi 5, ndi 4/0 kapena 5/0 pa fluke. Mpata wa pakati pa nsonga ndi msana wa mbedza ukhale wosachepera kuwirikiza kawiri kunenepa kwa nyambo, kuti nsomba ikaluma pulasitiki ipeze kothawira, nsonga ituluke. Njira ina amaitcha wacky. Mbedza yaing'ono, ya 1 kapena 1/0, imakoledwa pakati penipeni pa nyongolotsi, mbali zonse ziwiri n'kumalendewera. Imaoneka yopusa koma imagwira nsomba modabwitsa. Ambiri amaveka nyongolotsiyo kampira kozungulira pakati n'kukola mbedza pa kampirako, kuti nyambo isaduke pa nsomba yoyamba. Vuto lake ndi lakuti nsonga ili pamtunda, ndiye m'udzu wothithikana mumangotulutsa ndere.

Chimene anthu saganizira ndi kunenepa kwa waya wa mbedza. Mbedza ya waya wonenepa imafuna mphamvu kuti ilowe, makamaka ikamayamba yaboola pulasitiki isanafike pa nsagwada. Imafuna chingwe cholimba ndi ndodo yamsana. Ya waya wowonda imalowa mosavuta ngakhale ndi chingwe chopepuka, koma mukailumikiza ku chingwe cholimba ndi ndodo youma, imawongoka nsomba yaikulu ikagwira. Nsomba zambiri zimene zimapulumuka zimapulumukira pa kusagwirizana kumeneku: mbedza yonenepa pa ndodo yofewa, kapena mbedza yowonda pa zipangizo zankhanza. Makampani monga Gamakatsu, Owner, Mustad ndi VMC amapanga mitundu yonse iwiri, ndipo apa ndi pamalo pamene kuumira ndalama kumapweteka.

Pa chingwe ndi pamene pagona nkhani. Pali mitundu itatu. Nayiloni wamba, imene tonse tinakulira, ndi yotchipa, imamangika mosavuta, imatamuka kwambiri ndipo simira msanga. Fluorocarbon, imene kampani ya Kureha ya ku Japan inayamba kugulitsa ngati chingwe chowedzera mu 1971 pa dzina la Seaguar, ndi yolemera kuposa madzi pafupifupi kawiri, choncho imamira, siioneka kwambiri m'madzi ndipo imapirira kukhuzika pa miyala ndi zitsa. Koma ndi youma ndipo imakumbukira mapindidwe a pa spool, pamene chingwe chimakulungidwa pa reel. Braid ndi timaulusi ta polyethylene tolukidwa pamodzi. Ndi yowonda kwambiri poyerekeza ndi mphamvu yake, sitamuka, ndipo imayandama.

Chilichonse mwa izi chimasintha katsikidwe ka nyambo. Braid yokhayokha imakhala pamwamba pa madzi n'kumachedwetsa nyambo, komanso imaoneka bwino kwa nsomba m'madzi oyera. Fluorocarbon yokhayokha imathandiza nyambo kumira, ndipo popeza imatsika nayo limodzi, ngakhale itakhwepa imafikitsabe kugunda kwa nsomba ku ndodo kuposa braid yokhwepa, imene imakhala ngati yafa. Koma poiona ndi yovuta, ndipo pa reel ya spinning mphamvu yake ikapitirira mapaundi 10 imadumpha yokha pa spool n'kupiringizika. Nayiloni imatamuka moti mukaponya patali n'kukoka, mphamvu yambiri imathera m'chingwe, mbedza osalowa.

N'chifukwa chake owedza ambiri anakhazikika pa kuphatikiza ziwiri: braid ya mapaundi 10 mpaka 15 ngati chingwe chachikulu, kutsogolo kwake n'kumangirira fluorocarbon ya mapaundi 8 mpaka 12, yotalika mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri. Braid ikhale ya mtundu wowala, yachikasu kapena yobiriwira mowala. Ena amaopa kuti nsomba iziona, koma chimene chili pafupi ndi nsomba ndi fluorocarbon. Braid yowalayo ndi ya maso anu, ndipo pa kawedzedwe kamene nsomba imadziwika ndi maso, limeneli ndi phindu lalikulu kuposa china chilichonse chimene mungagule. Mtengo wake ndi mfundo yolumikizira zingwe ziwirizo. Mfundo ya FG ndi yowonda ndipo imadutsa bwino m'timphete ta ndodo, koma imafuna kuiphunzira kunyumba, osati pagombe dzuwa likulowa. Ya double uni ndi yosavuta ngakhale ndi yonenepa pang'ono. Pa mbedza, ya Palomar ikukwanira, bola muinyowetse musanaikunge, chifukwa fluorocarbon ikakhuzika youma imapsa n'kufooka. Kumene braid ndi fluorocarbon sizipezeka kapena mtengo wake wakwera, nayiloni yatsopano ya mapaundi 10 kapena 12 imagwira ntchito, makamaka pa fluke ndi nyongolotsi zoyenda chapamwamba. Muzingoponya chapafupi ndi kuisintha kawirikawiri, pakuti dzuwa limaifooketsa.

Tsopano ndodo. Pamwamba pa chigwiriro amalemba zinthu zitatu kapena zinayi, ndipo ziwiri zimasokonezedwa kawirikawiri. Power ndi mphamvu imene imafunika kuti ndodo ipindike: light, medium, medium heavy, heavy. Action ndi malo amene imapindikira: fast imapindika chakunsonga kokha, moderate imapindika mpaka chapakati. Pa nyambo yopanda mtovu mumafuna zinthu ziwiri zimene zimaoneka ngati zikutsutsana. Nsonga ikhale yofewa mokwanira kuti magalamu 7 kapena 10 aipinde poponya, chifukwa ndodo imene sinapindike siponya, mumangoponya ndi phewa. Koma kuyambira chapakati mpaka kutsinde ikhale yolimba kuti mbedza iboole pulasitiki ndi nsagwada. Ndodo ya action ya fast ndi imene imapereka zonse ziwiri.

Nambala yofunika kwambiri ndi ya kulemera kwa nyambo, imene kawirikawiri imalembedwa m'maaunsi. Aunsi imodzi ndi magalamu 28 ndi pang'ono, choncho 1/8 ndi magalamu 3.5, 1/4 ndi magalamu 7, 3/8 ndi pafupifupi magalamu 11, ndipo 3/4 ndi magalamu 21. Nyambo yanu igwere chapakati pa manambala awiriwo, osati kumapeto kwenikweni. Ndodo yolembedwa 1/8 mpaka 1/2 imaponya bwino magulu onse atatu aja. Yolembedwa 3/8 mpaka 1 imavutika ndi fluke ndipo nyongolotsi yowonda siimva n'komwe. Musadalire mawu akuti medium okha, chifukwa medium ya kampani ina ndi medium heavy ya kampani ina.

Utali wake ukhale pakati pa mapazi 6 ndi theka ndi mapazi 7 ndi mainchesi atatu, kutanthauza mamita awiri mpaka mamita 2.2. Yaitali imaponya patali ndipo imanyamula chingwe chokhwepa chambiri pa kukoka kumodzi. Yaifupi imathandiza pansi pa mitengo, komanso pa fluke, imene imagwedezedwa nsonga itaweramira kumadzi. Munthu woima pagombe ndi ndodo yaitali amangomenya nayo udzu. Wogula ndodo imodzi yokha atenge ya mapazi 7, medium, fast. Imagwira wacky popanda kuwongola mbedza ndipo imakwanitsa Texas ngati waya wa mbedza si wonenepa kwambiri. Medium heavy ibwere pamene mukuwedza m'kati mwa mitengo yomira kapena namasupuni, komwe nsomba ikangopeza mita imodzi yakulunga chingwe pa nthambi.

Pali chizolowezi chogula ndodo ya nsomba ya m'maloto. Bass yolemera kwambiri yolembedwa m'mabuku ndi ya George Perry, ya mu 1932 ku Montgomery Lake, Georgia, yolemera mapaundi 22 ndi maaunsi 4, kupitirira pang'ono makilogalamu 10, imene Manabu Kurita anaifikira mu 2009 pa nyanja ya Biwa ku Japan. Zimene anthu amagwira tsiku ndi tsiku zimalemera theka la kilogalamu mpaka makilogalamu awiri, ndipo ndodo ya medium imatulutsa yoposa pamenepo ngati madzi ndi opanda zokola. Ndodo youma yogulira nsomba imene simudzaiona imakulandani kuponya kwabwino tsiku lonse.

Graphite imapepuka ndipo imamva kugunda kuposa fibreglass, choncho ndi imene ikuyenera. Koma ikakhala ya mtengo wapamwamba kwambiri imakhalanso yosachedwa kuthyoka ikagunda chitseko cha galimoto. Ndodo zolowana zotchipa za pamsika zimapindika thupi lonse ndipo sizilowetsa mbedza ya Texas. Ya zidutswa ziwiri si yochititsa manyazi. Za masiku ano zimalumikizana bwino, ndipo amene amayenda pa minibasi kapena pa njinga amadziwa kuti ndodo ya mamita awiri yosagawika sifika yamoyo. Mukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito, pititsani kathonje m'kati mwa kamphete kalikonse. Pamene thonje lakodwa pali mng'alu, ndipo mng'alu umenewo udzadula braid.

Mkangano waukulu uli pa reel, spinning kapena baitcaster. Spinning, imene m'masitolo a ku South Africa ndi ku Zimbabwe amaitcha coffee grinder, imalendewera pansi pa ndodo ndipo spool yake sizungulira poponya. Chingwe chimangovuka chokha kuchokera kutsogolo. Baitcaster imakhala pamwamba pa ndodo ndipo spool yake imazungulira ngati bobini ya makina osokera. Kuti iyambe kuzungulira pamafunika nyambo iikoke, ndipo ikayamba sifuna kuima. Apa ndi pamene nyambo yopanda mtovu imavutira. Ndi yopepuka poyambitsa spool, kenako mphepo imaichedwetsa m'malere spool ikuthamangabe, ndiye chingwe chimadzikundikira m'kati n'kupanga chisa chimene chingakudyereni theka la ola. Mabuleki a maginito kapena a tizidutswa tozungulira amachepetsa vutoli, koma mukawakunga kwambiri mtunda umachepa.

Spinning ili ndi phindu linanso limene anthu salitchula mokwanira. Nyambo ikagwera m'madzi, mukhoza kusiya bail, kawaya kokhota kamene kamatsekera chingwe, yotsegula kuti chingwe chizituluka momasuka, nyambo n'kutsika molunjika pamalo pamene yagwera, m'mbali mwa chitsa chimene munachiloza. Chingwe chikakungika msanga, nyambo imatsika ikubwerera kwa inu, n'kuchoka pamene pali nsomba. Ndi baitcaster muyenera kusolola chingwe ndi dzanja kuti zimenezi zisachitike. Komanso kudumphitsa nyambo pamwamba pa madzi kuti ilowe pansi pa nthambi zolendewera, ntchito imene Senko ndi fluke zimachita bwino kwambiri, n'kosavuta ndi spinning. Ndi baitcaster kumafuna chala chachikulu chophunzira.

Izi sizikutanthauza kuti baitcaster ilibe malo. Senko ya mainchesi 5 ili ndi mbedza ya 4/0 imalemera mokwanira kuponyedwa ndi baitcaster yabwinobwino. Reel imeneyi imanyamula fluorocarbon ya mapaundi 12 mpaka 17 popanda kudandaula, sipota chingwe, imalola chala kuimitsa nyambo kuti igwere mwakachetechete, ndipo imakoka nsomba m'mitengo mwamphamvu. M'madamu odzaza mitengo yomira, ndodo ya medium heavy ndi baitcaster ndi zimene zimatulutsa nsomba. A ku Japan anapanganso ma baitcaster a spool yopepuka kwambiri, otchedwa BFS, oponya nyambo za magalamu ochepa, koma ndi odula ndipo amachita ntchito imene spinning yotchipa imachita kale. Malire ake, mmene ndikuonera, ali chapa magalamu 10. Kutsika pamenepo, spinning. Kukwera pamenepo, ndiponso m'malo othithikana, baitcaster ngati dzanja lanu linaizolowera. Woyamba kumene ayambe ndi spinning, kuti maso ake akhale pa chingwe cha m'madzi, osati pa chisa cha m'manja.

Saizi ya 2500 kapena 3000 ndi yoyenera. Yaing'ono kuposa apa imapinda chingwe kwambiri, yaikulu imalemetsa dzanja limene liyenera kunyamula ndodo choimika tsiku lonse. Liwiro la magiya limafunika pa chifukwa chimodzi chokha. Nyambo simuiyendetsa ndi reel, mumaiyendetsa ndi ndodo, koma nsomba ikadya n'kuyamba kusambira chobwera kwa inu, muyenera kukulunga chingwe chokhwepa msanga. Nambala ya 6.2:1 pa spinning ndi ya 7.1:1 pa baitcaster ndi zabwino, koma musaziyerekeze mwachindunji chifukwa kukula kwa spool kumasiyana. Yang'anani masentimita amene reel imakulunga pa kuzungulira kumodzi kwa chigwiriro. Chiwerengero cha mabering'i chimene amalemba ndi zilembo zikuluzikulu pa bokosi chisakunyengeni. Chofunika ndi drag, buleki ya chingwe, imene imatulutsa chingwe mosadodoma. Kokani chingwe ndi dzanja m'sitolo momwemo, ndipo ngati chikutuluka modukiza, isiyeni. Drag muikunge kufika pa gawo limodzi la magawo atatu kapena anayi a mphamvu ya chingwe chofooka kwambiri pa zimene mwalumikiza.

Mavuto ambiri amene anthu amanamizira reel ya spinning amachokera ku manja. Tsekani bail ndi dzanja, osati ndi chigwiriro, ndipo kokani chingwe pang'ono kuti chikungike musanayambe kukulunga, pakuti kawedzedwe kameneka kamabweretsa chingwe chokhwepa pa kuponya kulikonse, ndipo chikalowa chokhwepa pa spool chimadzatuluka chili mfundo. Musazungulitse chigwiriro pamene nsomba ikutulutsa chingwe, chifukwa kuzungulira kulikonse kumapota chingwecho. Spool idzaze mpaka patsale mamilimita awiri kapena atatu kumlomo, ndipo pansi pa braid muyambe mwaika nayiloni pang'ono kuti isamatererepo.

Ndalama zikakhala zochepa, muzigawe motere. Reel yapakatikati ya Shimano, Daiwa, Okuma kapena Abu Garcia imagwira ntchitoyi bwinobwino, ndipo kuiwirikiza mtengo sikuwonjezera nsomba. Ndodo ilandire zochulukirapo pang'ono. Chingwe ndi mbedza zikhale zabwino kwambiri zimene mungakwanitse. Zikatsala, gulani magalasi a polarised, amene amachotsa kunyezimira kwa pamwamba pa madzi kuti muone chingwe, zitsa ndi nsomba yomwe. M'madamu a kuchigwa amathandizanso kuona ng'ona, zimene zimakonda madzi osaya omwewo amene inu mukuwakonda.

Kakokedwe kamatsatira mbedza. Mukaona chingwe chikuyenda, tsitsani nsonga ya ndodo, kulungani mpaka mumve kulemera, ndiye kokani. Kuthamanga sikufika. Kukoka pa chingwe chokhwepa kumangoidzidzimutsa nsomba, kapena kumadula fluorocarbon pa mfundo popeza braid sitamuka. Pa Texas kokani mwamphamvu chokweza. Pa wacky ingokwezani ndodo mukukulunga, mbedza yaing'onoyo imalowa yokha. Kuchedwa kwambiri nakonso n'koipa, chifukwa bass imameza nyambo yamchere mpaka kukhosi, ndipo imene mumafuna kuibwezera m'madzi imafa.

Nyengo yake yabwino kwambiri kuno kummwera kwa Africa ndi kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, madzi akayamba kufunda kufika madigiri 16 mpaka 20. Nsomba zimabwera kosaya kudzaikira mazira, zazimuna n'kumalondera zisa, ndipo nyambo yogwera mwakachetechete siiziopsa monga mmene mtovu umachitira. Imene mwaichotsa pachisa muibwezere pomwepo, pakuti mazira osalonderedwa amadyedwa ndi tinsomba tina m'kanthawi kochepa. M'mawa ndi madzulo a miyezi yotentha njirayi imagwirabe m'mbali mwa udzu ndi m'mithunzi.

Ili ndi malire ake. Madzi akapitirira mamita atatu kapena anayi, kudikira nyambo kuti ifike pansi kumatha nthawi, ndipo mu Juni ndi Julayi, nsomba zikatsikira kwakuya, mumangosambitsa pulasitiki pamwamba pa mitu yawo. Mphepo ndi mdani wamkulu. Imapinda braid yoyandama, n'kumakoka nyambo cham'mbali, moti sitsikanso chogona ndipo kudumpha kwa chingwe sikuonekanso. Mungayese kuponya motsatira mphepo, kutsitsa nsonga ya ndodo pafupi ndi madzi, kutalikitsa fluorocarbon kapena kuika mbedza ya waya wonenepa pang'ono. Zikakanika, lowetsani kamsomali ka galamu imodzi m'mutu mwa nyongolotsi, njira imene amaitcha Neko, kapena mangani mbedza yokhala ndi kamtovu pamsana, imene imasunga nyambo chogona koma kuimiza msanga. Ndodo ya mapazi 7 ya medium, reel ya 2500 ndi zingwe ziwiri zolumikizana zimanyamula kagalamu kowonjezerako popanda kusintha china chilichonse.